Maso a nkhono mu mzinda wopanda nyanja

Lolemba

Ndafika mu Johannesburg m'mawa uno nditatha masiku awiri m'basi, kuchokera ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo za msewu sindinena zambiri chifukwa aliyense amene anauyendapo amadziwa mmene mapazi amatupira. Alamu anga anadzandichingamira pa Park Station n'kunditengera ku Rosettenville, kumene amakhala ndi achemwali anga pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Kumbuyo kwa galimoto yawo kunali zigubu zodzaza madzi, ndipo ine ndinayesa kuti kunonso mipopi yauma monga imachitira kwathu, koma iwo anaseka n'kunena kuti, "Ayi alamu, amenewo si akumwa. Ndi madzi amchere, ndasungunula ndekha dzulo."

Alamu anabwera kuno zaka 12 zapitazo n'kuyamba ndi ntchito yosamala maluwa, monga ayambira Amalawi ambiri, mpaka bwana wina amene anali ndi thanki yagalasi yowetera zamoyo za m'nyanja yamchere anawaphunzitsa kuisamala. Lero amazungulira nyumba 9 za kumpoto kwa mzinda, iliyonse kamodzi pa sabata. Mzinda uno uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, ndipo gombe la ku Durban lili pa mtunda wa makilomita oposa 550, choncho madziwo amachita kupanga: amasefa a pampopi mpaka ayeretu, kenako n'kuthiramo mchere wapadera wogula m'zidebe. Ine ndakhala ndikuphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sekondale ina ku Nkhotakota kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndimalemba pa bolodi za matanthwe a korali, amene amamangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere, ndi za kutentha kwa nyanja zikuluzikulu, pamene ine mwini madzi amchere sindinawalawepo. Alamu avomera kuti ndiziwanyamulira zigubu sabata yonse ino.

Lachiwiri

Tinalawirira ku Bryanston. Mwezi uno wa Disembala eni nyumba ambiri atsikira kugombe kukapuma, motero anatitsegulira ndi mayi wogwira ntchito m'nyumbamo, amene atamva Chichewa chathu anatiyankha moni m'Chitumbuka. Thanki yake ndi yaitali ngati chitseko chogoneka, ndipo pamwamba pake pamayaka magetsi oyera ndi abuluu. Nsomba zinali zokongola, ngakhale kuti munthu amene anaonapo mbuna za ku Cape Maclear sangatekeseke nazo kwenikweni. Chimene chinandiimitsa chinali pamwala wina chapakati: nkhono ya zigoba ziwiri, yaikulu ngati mbale ya ndiwo, milomo yake yopindikapindika ngati malata, itagona chagada, ndipo pakati pa zigobazo patayalidwa mnofu wabuluu wa mawanga obiriwira ndi agolide, ngati chitenje chatsopano chimene achiyanika padzuwa.

Alamu anandiuza kuti ndidutsitse dzanja pakati pa magetsi ndi madzi. Mthunzi utangogwera, mnofu uja unabwerera m'kati mwamsanga, zigoba zinayandikana, ndipo kabowo kena kanalavula madzi mpaka kugwedeza mchenga. Tinadikira osasuntha kwa kanthawi, ndipo pang'onopang'ono chitenje chija chinayalidwanso. Pamenepo ndi pamene ndinaona timadontho takuda tondondozana m'mphepete mwa mnofu, timene ndi maso ake, mazanamazana, osatha kuona nkhope ya munthu koma odziwa kusiyanitsa kuwala ndi mthunzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindinaganizepo kuti mwambi umenewu ndidzauona ukukwaniritsidwa ndendende m'chipinda chochezera cha munthu ku Joni.

Dzina lake la sayansi ndi Tridacna maxima, ndipo ndi mng'ono chabe m'banja limene mkulu wake ndi Tridacna gigas, chinkhono cha kunyanja za ku Australia, Philippines, Palau ndi zilumba za Solomon, chimene chimapitirira mita imodzi m'litali ndi makilogalamu 200 kulemera kwake, n'kukhala ndi moyo zaka ngakhale 100. Mitundu yaing'onoyi imapezekanso kuno kwathu ku Africa, m'magombe a Kenya, Tanzania ndi Mozambique mpaka ku Sodwana Bay kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Kwathu ku Nkhotakota tili nazo nkhono za zigoba ziwiri zimene tinkatola m'mchenga tili ana, ndipo agogo anga ankasalazira mbiya ndi chigoba chake, koma palibe imene imadzaza ngakhale chikhatho. Funso limene ndakhala ndikuwafunsa ophunzira anga ndi lakuti chamoyo chosayenda, chokhala m'madzi oyera mbee amene mulibe chakudya chambiri, chingakule bwanji kufika pamenepo.

Yankho lili m'mnofu wamawangawo. M'menemo mumakhala ndere zazing'ono kwambiri za selo imodzi, mamiliyoni osawerengeka, zimene zimapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa monga achitira masamba a chimanga. Chinkhono chili ngati mwini esiteti, ndipo nderezo ndi matenanti ake: chimazipatsa malo, chitetezo ndi zonyansa za m'thupi mwake zimene kwa izo ndi manyowa, ndipo izo zimalipira ndi zokolola. Chimasefanso tizakudya ta m'madzi monga zichitira nkhono zinzake, koma gawo lalikulu la mphamvu zake limachokera kwa matenantiwo, n'chifukwa chake chimakhala m'madzi osaya ndi oyera, kukamwa kuli yasa kuloza kumwamba. Ndi mphamvu zimenezo chimamanga chigoba cha calcium carbonate, chinthu chomwecho chimene chili m'mwala wa laimu ndi m'chigoba cha dzira, koma cha mtundu wotchedwa aragonite, umene umasungunuka msanga poyerekeza ndi mtundu winawo wa calcite. Alamu anandilozera mzere woyera, wopyapyala ngati nsonga ya chikhadabo, umene unazungulira mlomo wa chigoba pansi pa mnofu. Anati chinthu choyamba chimene amayang'ana akafika pa nyumba iliyonse ndi mzere umenewu, chifukwa ndiwo chigoba chatsopano, ndipo ukasowa ndiye kuti pali chimene chalakwika ngakhale zina zonse zikuoneka bwino.

Lachitatu

Lero ndaphunzira kuyeza. Alamu ali ndi kope lachikuto cholimba limene nyumba iliyonse ili ndi masamba ake, ndipo akafika amalemba tsiku, kutentha kwa madzi, mchere ndi pH asanakhudze china chilichonse. Madzi amafunika kukhala pa madigiri 25 kapena 26, mchere magalamu 35 pa lita, ndipo pH pakati pa 8.1 ndi 8.3. Amatunga madzi m'kabotolo, n'kudonthetsamo mankhwala, n'kuyerekeza mtundu wake ndi kakhadi. Kwa amene anaiwala za kusukulu, muyezo wa pH umayambira pa 0 kulekezera pa 14. Pansi pa 7 ndi mbali ya zowawasa, kumene kuli mandimu ndi bwemba, ndipo pamwamba pa 7 ndi mbali ya chidulo ndi soda wothira m'therere. Madzi a m'nyanja yamchere ali mbali ya chidulo.

Tikuyeza pa nyumba ina ku Sandton, alamu anandionetsa masamba a mwezi wa Juni ndi Julaye, pamene manambala anatsika mpaka 7.8. Anati poyamba ankayesa kuti mankhwala oyezera atha mphamvu, kufikira anazindikira kuti m'nyengo yozizira banjalo limatseka mawindo onse, limayatsa chotenthetsera cha gasi, ndipo kumapeto kwa sabata limalandira alendo. Anawapempha kuti azisiya windo limodzi lotsegula pang'ono, ndipo manambala anakwera okha. "Mpweya wa anthu ndi wa moto umalowa m'madzi, alamu," anatero, ngati akunena chinthu wamba. Ine ndinakhala chete kaye, chifukwa phunziro limene ndimalimbana nalo kwa mapiriyodi awiri m'kalasi iwo anali atalipeza okha ndi windo.

Zimene zinachitika m'chipindacho ndi zomwe zikuchitikira dziko lonse. Mafakitale asanayambe, mpweya wa carbon dioxide, womwe uja wotuluka popuma ndi pa moto, unali magawo 280 mwa magawo 1 miliyoni a mpweya wonse. Pamene Charles David Keeling anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 unali pafupifupi 315, ndipo tsopano wapitirira 420. Nyanja zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya umene timatulutsa chaka ndi chaka, ndipo chifukwa cha zimenezi pH ya madzi a pamwamba yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Kusiyana kumeneku kumaoneka kopanda pake, koma pa muyezowu sitepe imodzi yathunthu ndi kuchulukitsa kakhumi, motero kakutsika kameneka kakutanthauza kuti asidi wawonjezeka ndi pafupifupi 30 peresenti. Mpweyawo ukasungunuka umapanga asidi wofooka, yemweyo amene ali m'zakumwa za thovu za m'botolo, ndipo asidiyo amamasula hydrogen amene amakagwira carbonate, njerwa yomangira chigoba, n'kuisandutsa bicarbonate. Chinkhono sichisowa pogwira kotheratu, pakuti bicarbonate chimatha kuigwiritsa ntchito, koma kuti chigoba chiumbike chimayenera kupopa hydrogen kumuchotsa m'kampata kamene kali pakati pa mnofu ndi chigoba. Zili ngati kukapa madzi m'bwato: bwato likayamba kuchucha kwambiri, mphamvu zimene zikanapita ku nkhafi zimathera pokapa, ndipo ulendo umachedwa.

M'thanki mankhwala ake alipo. Alamu amasungunula laimu m'madzi n'kuika kachubu kodonthetsa usiku, nthawi imene pH imatsika chifukwa ndere zasiya kumeza mpweya. Pobwerera kunyumba tinadutsa pafupi ndi milu yachikasu ya mchenga wa migodi ya golide, imene ina mwa iyo inaunjikidwa ndi thukuta la agogo athu a pa Wenela ndi Theba, ndipo ndinakumbukira kuti mzinda uno nawonso uli ndi nkhani yake ya madzi a asidi. M'miyala ya golide muli timiyala tonyezimira totchedwa pyrite, imene ikakumana ndi madzi ndi mpweya imabala asidi wamphamvu, ndipo mu 2002 madzi otere anasefukira kuchokera m'migodi yakale ya kumadzulo, kufupi ndi Krugersdorp ndi Randfontein. Lero amawapopa n'kuwathira laimu, monga achitira ku Germiston. Laimu ndi yemweyo m'thanki, m'mgodi ndi m'munda wa mlimi amene nthaka yake yawawasa, koma thanki ya ku Sandton imalowa malita 600, pamene nyanja zimakuta magawo 7 mwa magawo 10 a dziko lapansi.

Lachinayi

Mvula ya mabingu inagwa masana ndipo sitinapite kutali. Ndikusamba m'manja pa mpopi wa kuseri ndinaona kuti choikamo sopo ndi theka la chigoba cha chinkhono, cholemera ngati mwala wonolera, chokhala ndi timamba totukuka ngati matailosi a padenga. Alamu anati ndi cha Tridacna squamosa chimene chinafa m'thanki ya bwana wina zaka zitatu zapitazo. Mwana wa achemwali, amene ali giredi 7, atamva kuti amalume ake ndi aphunzitsi a sayansi anabweretsa vinega wa kukhitchini, ndipo tinabenthula kamba kamodzi ndi pulayala n'kukaponya m'tambula. Nthawi yomweyo kanazunguliridwa ndi timathovu, ndipo pofika madzulo m'mphepete mwake munali mutadyeka.

"Amalume, ndiye kuti zinkhono zonse zikusungunuka m'nyanjamo?" anafunsa. Funsoli linandichititsa manyazi, chifukwa kwa zaka zambiri ndakhala ndikumiza mazira m'vinega pamaso pa ophunzira n'kuwasiya ndi chithunzi chomwechi. Vinega ali pansi pa 3 pa muyezo uja, pamene nyanja ili pa 8.1, ndipo ngakhale anthu atapitiriza kutentha malasha ndi mafuta mosaleka, akatswiri amayerekeza kuti pofika chaka cha 2100 ingatsike kufika cha m'ma 7.7 kapena 7.8. Chinkhono chachikulu, chimene chigoba chake n'chochindikala kuposa chala, sichingasungunuke ngati shuga m'tiyi. Chimene chimachitika n'chakuti kumanga kumakwera mtengo, ndipo amene amayamba kugonja ndi ana, amene chigoba chawo n'chopyapyala kuposa pepala ndipo sanapeze matenanti okwanira. Sue-Ann Watson wa pa James Cook University ku Australia analera ana a mtundu womwewu wa squamosa m'madzi owonjezera carbon dioxide, ndipo anapeza kuti ambiri ankafa ndipo otsala ankakula mochedwa. Mu 2015 anafalitsa zoti kuwala kukakhala kokwanira vutoli limachepa. Kwa ine zimenezi n'zomveka, pakuti kuwala ndiko kumadyetsa wokapa madzi uja. Zikutanthauzanso kuti gombe limene mitsinje imathiramo matope, monga mmene Bua amadetsera nyanja yathu m'dzinja, limawalanda anawo thandizo lomwe likanawapulumutsa.

Titatsuka sopo ndinachiyang'ana chigobacho ndi kagalasi kokuzira zinthu kamene ndimayenda nako. Kunja kwake kuli mizere yopingasa yosanjikizana kuchokera pa mfundo mpaka pa mlomo, ina yotalikirana, ina yothithikana. Imeneyi ndi yooneka ndi maso, koma akatswiri akacheka chigoba pakati, n'kuchipalira mpaka kusalala, n'kuchiika pa maikulosikopu, amapeza mizere ina yaing'ono kwambiri, umodzi pa tsiku lililonse, chifukwa chinkhono chimamanga kwambiri masana ndere zikamagwira ntchito ndipo usiku chimachepetsa. Masiku a mitambo ndi mkuntho amasiya mizere yopanikizana. Komanso m'chigoba mumalowa oxygen wa mitundu iwiri, wopepuka wa nambala 16 ndi wolemera wa nambala 18, ndipo kuchuluka kwa wina poyerekeza ndi mnzake kumasintha malinga ndi kutentha kwa madzi pa nthawi imene gawolo linkamangidwa. Ndi njira imeneyi zigoba zakale zopezeka m'matanthwe amene anatukuka kuchoka m'nyanja pa Huon Peninsula ku Papua New Guinea zathandiza kuwerenga mmene El Niño ankachitira zaka zikwi zapitazo, El Niño yemweyo amene anatiumitsira chimanga mu 2016 ndi 2024. Mtsikanayo anafuna kudziwa ngati tsiku limene chinkhonochi chinayamba kudwala likuoneka. Chakumapeto, pafupi ndi mlomo, mizere inali yothinana kwambiri, ndipo alamu atatsegula kope lawo lakale anapeza kuti miyezi yomaliza ija magetsi a pamwamba pa thankiyo anali atafooka ndipo mwini wake ankazengereza kugula ena.

Lachisanu

Tsiku la lero linali loipa. Nyumba ya ku Fourways yakhala yotseka kuyambira sabata yatha, ndipo mlonda wa pageti alibe chifukwa cholowera m'kati. Titangotsegula chitseko tinalandiridwa ndi fungo ngati la pa doko pamene usipa wagona osayanikidwa. Khoma lonse la chipindacho ndi galasi, makatani anawasiya otsegula, ndipo makina oziziritsira madzi anali atafa. Choyezera chinkaonetsa madigiri 31. Makorali a nthambi anali atayera ngati mafupa, nsomba ziwiri zinali zitayandama, ndipo chinkhono cha m'menemo, cha mtundu wa Tridacna derasa, chachitali ngati kuchokera pa chigongono kufika pa chikhatho, chinali chitatuwa pakati ponse, mtundu wake wakhofi utatsala m'mphepete mokha. Ndinadutsitsa dzanja pansi pa magetsi monga ndinachitira Lachiwiri, ndipo chinachedwa kwambiri kuyankha, kenako n'kungonyinyirika pang'ono.

Ine ndinafuna kuthamangira ku firiji kuti tithiremo ayezi yense, koma alamu anandiletsa, nati kuzizira kodzidzimutsa kungamalize chimene kutentha kwasiya. Anatseka makatani, anachepetsa magetsi, anaika fani kuti iziwomba pamwamba pa madzi, anayandamitsa mabotolo awiri a madzi oundana, ndipo tinayamba kusintha madzi chigubu chimodzi chimodzi. Kutsitsa madigiri awiri kunatitengera tsiku lonse. Chapakati pa ntchitoyo anaimbira mwini nyumba, amene anakalipa mokweza mpaka ine ndinkamva ndili pa khomo, ndipo alamu ankangovomera mwaulemu, ngakhale kuti m'kope mwawo munalembedwa kawiri, mu Seputembala ndi mu Novembala, kuti makinawo akulira modabwitsa ndipo akufunika mmisiri. Zinandiwawa, koma ndine mlendo, ndipo mlendo sathyola mphasa.

Kutuwa kumeneku ndi kuchoka kwa matenanti. Madzi akatentha kupitirira malire, ndere zimalephera kugwiritsa ntchito bwino kuwala ndipo zimayamba kutulutsa zinthu zowononga maselo a mwini malo, motero zimatulutsidwa kapena kufa, n'kusiya mnofu wotuwa ndi chinkhono cha njala. Kufunda pang'ono kumafulumizitsa kukula, koma malirewo ali pafupi kwambiri: m'nyanja, digiri imodzi yokha pamwamba pa kutentha kwa mwezi wotenthetsetsa wa chaka, ikakhalitsa kwa masabata angapo, imakwanira kuyeretsa makorali, ndipo zinkhono nazo zimatuwa kutenthako kukapitirira. Nyanja zameza pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kowonjezera kumene mpweya uja watsekereza, ndipo kuyera kwa makorali kofika m'nyanja zonse zikuluzikulu kunachitika mu 1998, mu 2010, kuyambira 2014 mpaka 2017, ndipo kachinayi kanalengezedwa ndi bungwe la NOAA, loona za nyanja ndi nyengo ku America, mu Epulo 2024. Ndikunyamula zigubu ndinaona kuti m'kalasi ndakhala ndikulakwitsa pophunzitsa kutentha ndi asidi ngati mitu iwiri yosiyana. Kutentha kumadula chakudya chimene chinkhono chimalandira, ndipo asidi amakweza mtengo wa kumanga, zonse pa nthawi imodzi ndi pa gwero limodzi, monga munthu amene amudula malipiro mwezi womwe simenti yakwera pamene nyumba yake ili pa windo.

Loweruka

Alamu anabwerera ku Fourways okha, ndipo achemwali anati mlendo sangathe sabata yonse akununkha mchere, choncho tinapita ku mapanga a Sterkfontein, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda. Anthu amapitako chifukwa cha mafupa, makamaka chibade cha cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu, chotchedwa Mrs Ples, chimene Robert Broom anachipeza mu 1947, koma ine maso anga anali pa makoma. Mwala wa kumeneko ndi dolomite, wachibale wa mwala wa laimu, umene unaunjikana pansi pa nyanja yosaya zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo, ndipo mapangawo anawakumba ndi madzi amene anatenga carbon dioxide m'mlengalenga ndi m'nthaka, asidi wofooka yemwe uja, akudya mwala pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Mtsikana wa achemwali anandinong'oneza kuti ndiye vinega wake uja sananame kwenikweni, anangofulumira. Ndinamuvomereza theka, chifukwa chigoba chopanda mwini ndi matanthwe a korali wakufa, amene ana a zinkhono amamatirirapo, alibe wowakapira madzi, ndipo amadyeka msanga madzi akasendera mbali ya bwemba.

Lamulungu

Tinapemphera ndi Amalawi anzathu m'holo ina yobwereka ku Turffontein, kenako tinadutsa ku Soweto kukaona nsanja ziwiri za Orlando, zimene zinali zoziziritsira madzi pa malo opangira magetsi ndi malasha amene anatsekedwa mu 1998, chaka chomwe makorali anayera koyamba padziko lonse. Lero nsanjazo anazipenta ndipo achinyamata amadumphapo atamangidwa chingwe, koma magetsi ambiri a dziko lino, pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10, amachokerabe ku malasha, makamaka a ku Mpumalanga. Makina oziziritsira madzi a m'mathanki a alamu amayendera magetsi omwewo.

Pa nsima ya masana panali bambo wina wachikulire wa ku Mangochi amene anali msodzi asanabwere kuno kudzasoka zovala. Atamva nkhani yathu anafunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, chambo cha ku Malombe chinatha ndi dzuwa kapena ndi maukonde?" Anandigwira pabwino, pakuti mpaka lero chimene chapulula zinkhono kwambiri ndi dzanja la munthu. Akhala akuzipha chifukwa cha nyama yake, makamaka mnofu wolimba umene umatseka zigoba, ndiponso chifukwa cha zigoba zimene amisiri a ku Hainan ku China ankazisema m'malo mwa minyanga ya njovu. Mu Epulo 2021 akuluakulu a boma ku Palawan ku Philippines analanda matani pafupifupi 200 a zigoba pa ulendo umodzi, ndipo mu Okutobala 2024 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika Tridacna gigas m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, chiwerengero chake chitatsika ndi 80 peresenti ndi kupitirira m'zaka 100. Ndinawayankha kuti ziwirizi zimakumana pa kubereka. Zinkhono sizisuntha, zimangolavulira mazira ndi umuna m'madzi, ndipo chachikulu chimatulutsa mazira mamiliyoni mazanamazana nthawi imodzi, koma ngati chinzake chili kutali mazirawo amangotayika. Ochepa amene apezana amasambira sabata imodzi kapena iwiri asanakhazikike, ndipo ndi pa msinkhu umenewu pamene madzi otentha ndi owawasa amapha mosavuta. Ku Bolinao ku Philippines akatswiri motsogozedwa ndi malemu Edgardo Gomez anayamba kuweta ana m'mathanki n'kuwabwezera m'nyanja m'zaka za m'ma 1980, ndipo ntchitoyo inabweza chinkhono chachikulu m'malo amene chinali chitasowa. Bamboyo anangogwedeza mutu n'kunena kuti kuweta n'kwabwino malinga ngati kumene ukabwezerako kukadali kokhalika.

Lolemba

Basi yanga inyamuka mawa m'mamawa, ndipo ndinawapempha alamu kuti tidutse ku Fourways komaliza. Makina atsopano aikidwa, madzi ali pa madigiri 26, ndipo makorali atatu tawachotsa chifukwa anayamba kumera ndere zauve. Chinkhono chikadali chotuwa pakati, koma mnofu wake sunabwerere m'kati, ndipo nditadutsitsa dzanja chinadzikoka msanga kusiyana ndi Lachisanu. Alamu akuchidyetsa tizakudya ta m'botolo ndi kachubu, popeza matenanti otsalawo sangachikwanitse, ndipo akuti ndere zikachulukananso mtundu ukhoza kubwerera pakatha miyezi. Pa mlomo wa chigoba mzere woyera uja palibe.

Madzulo achemwali anatsuka choikamo sopo chija n'kuchikulunga m'nyuzipepala kuti ndikaonetse ophunzira anga. Ndinachisiya, chifukwa zinkhono zonse za banjali zili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira kadutsitsidwe ka zamoyo zotetezedwa pa malire, ndipo sindinafune kukafunsidwa mapepala pa zipata zitatu ndi chigoba chimene sindingathe kufotokoza kumene chinachokera. M'malo mwake ndinachiika pa windo n'kuchijambula ndi foni mbali zonse, rula ili pambali pake, ndipo mtsikana uja anandiwerengera mizere ya pafupi ndi mlomo kawiri, n'kupeza manambala awiri osiyana. Alamu alonjeza kuti Lachisanu lililonse akafika ku Fourways azijambula mlomo wa chigoba cha chinkhono chodwalacho n'kunditumizira pa WhatsApp, ndipo ine ndawasiyira kagalasi kanga kokuzira zinthu.